Ndinamulanda batani, iye n'kusiya piyano

Linali Loweruka m'mawa mwezi wa June 2022, kuzizira kuja kwa mu Lusaka kumene zala zimauma ngati nkhuni. Pageti panga ku Chilenje panaima bambo wina atagwira mnyamata wa zaka 11 paphewa. Anali atakwera mabasi awiri kuchokera ku Chawama, imodzi yolowa m'tauni, ina yotuluka.

"Amayi, mwana uyu amaimba kale," anatero bamboyo tisanakhale n'komwe pansi. "Kutchalitchi kwathu ndiye amagwira kiyibodi. Ife tikungofuna kuti mumudziwitse za pepala, apeze satifiketi."

Ndinamuuza mnyamatayo kuti akhale pa piyano, aimbe chilichonse chimene mtima wake wafuna. Anapukuta manja pa kabudula, n'kuyamba. Ndikunena zoona, tsitsi linandiimirira. Dzanja lamanzere linkayenda ngati gitala ya besi ya kalindula, lamanja likukongoletsa pamwamba, phazi likugunda pansi osaphonya. Mwana wanga wamkazi anasiya mbale kukhitchini kudzasuzumira. Atamaliza ndinati aimbenso nyimbo yomweyo koma aikweze pang'ono. Anayang'ana kumanja, kumanzere, anaweramira ngakhale pansi pa piyano. Kenaka anandifunsa motsitsa mawu: "Ba ticha, transpose ili kuti?"

Amene simunagwirepo kiyibodi, transpose ndi batani limene limakweza kapena kutsitsa mawu a kiyibodi yonse, zala zako zili pamalo omwewo. Kwaya ikayamba nyimbo pamwamba, umangodina kawiri katatu, basi mwakumana. Mnyamata uja nyimbo zonse za chaka chathunthu ankaziimba mu kiyi ya C, pa makiyi oyera okhaokha, batani likumugwirira ntchito yotsalayo. Piyano ya matabwa ndi zingwe ilibe batani limenelo. Ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, ndipo akudawo iye ankawaona ngati minga.

Chimene ndinachita pambuyo pake ndicho chandilembetsa nkhaniyi. Ndinamuuza pamaso pa bambo ake kuti zimene amachitazo si kuimba piyano koma kunamiza anthu. Ndinamuletsa kuimba za m'khutu m'nyumba mwanga. Ndinamuuzanso kuti kunyumba batani lija asalikhudze. Ndiye ndinamutsegulira buku la oyamba kumene, tsamba loyamba, la ana a zaka 6: chala chachikulu pa C wapakati, dina, werenga mpaka 4, dinanso. Mwana amene Lamulungu lapitalo anavinitsa mpingo wonse, ine ndinamukhazika pa kadontho kamodzi kwa mphindi 40.

Anabwera masabata 7. Sabata lachisanu ndi chitatu sanaoneke. Ndinadziuza kuti ana a masiku ano safuna kuvutika, n'kupereka nthawi yakeyo kwa mwana wina.

Kuti mumvetse chimene chinandiumitsa mtima chonchi, ndiyenera kubwerera kwathu ku Katete. Ine nyimbo ndinaziyamba m'kwaya ya Reformed Church, ndili kamtsikana. Tinkaphunzira ndi do, re, mi, zolembedwa pa bolodi ndi choko: d, r, m, f, s, l, t, timadontho ndi timizere tosonyeza kutalika kwa mawu. Njira imeneyi, imene amaitcha tonic sol-fa, anaifalitsa ku England m'busa wina dzina lake John Curwen m'zaka za m'ma 1800, potengera ntchito ya mayi Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo kuno inafika ndi amishoni. Mpaka lero makwaya ambiri a kum'mawa ndi ku Malawi amawerenga imeneyi. Limba la patchalitchi pathu, lopopa ndi mapazi lija, ndinaliphunzira mwakuba, kuonera zala za agogo ena amene ankaliliza. Nditabwera ku Lusaka n'kuyamba kuphunzira manotsi a pa mizere isanu, ndinakumana ndi anthu amene ankaseka do-re-mi kuti ndi zakumudzi. Ndinachita manyazi ndi kumene ndinachokera. Ndinazikwirira zonsezo, ndipo pamene ndinkayamba kuphunzitsa mu 2011 ndinali nditasanduka m'modzi wa oseka aja. Mnyamata wa ku Chawama atakhala pa piyano yanga, ndinaona kamtsikana ka ku Katete kaja, ndiye ndinakalanga.

Izi sindinazizindikire ndekha ayi. Patapita miyezi ingapo ndinakumana ndi bambo ake ku Kamwala, ine ndikugula nsalu. Tinapatsana moni, ndipo ndinafunsa za mwana, ndikuyembekezera kumva kuti ndalama ndizo zinavuta. Iwo anayamba aseka kaye, kuseka kwa munthu amene sakufuna kukukhumudwitsa.

"Amayi, musandimve molakwa. Ndalama tinali nazo. Koma mwana anati kwanu nyimbo zimakafera komweko. Anafika posafunanso kuimba ngakhale kutchalitchi, akuti mwina zimene amachita n'zabodza."

Ndinangoti kakasi, nsalu ili m'manja. Kusiya kubwera kwa ine inali nkhani yaing'ono. Koma kuti ndinamulanda ngakhale chimene anabwera nacho, zimenezo zinandisowetsa tulo. Ndinapempha bambowo kuti andibweretserenso mwanayo, mwezi woyamba asalipire. Anati akamufunsa mwini wake. Zinatenga mpaka January 2023 kuti avomere.

Tsiku limene anabweranso buku sindinalitsegule. Ndinapepesa, ndipo kupepesa kwa mwana wa zaka 12 iwe uli ndi imvi si chinthu chopepuka pa chikhalidwe chathu. Kenaka ndinamuuza kuti aimbe nyimbo imene amaikonda, mu C mwake momwemo. Atamaliza ndinamufunsa kuti do ali pati. Analoza C. Ndinati, "Nanga do akasamuka, n'kukakhala apa pa G, banja lake lonse likhala pati?" Tinayamba kukwera limodzi tikuimba pakamwa: do, re, mi, fa, so, la. Pofika pa ti anadina F woyera, nkhope yake n'kukwinyika. Khutu linamuuza lokha kuti palakwika. Anasuntha chala n'kugwera pa kiyi yakuda yoyandikana nayo, F sharp, n'kumwetulira. Sindinamuuze ine. Munga woyamba anauzula yekha.

Apa ndi pamene pali chinsinsi chonse, ndipo aphunzitsi anzanga ndikupempha muchedwepo. Sikelo iliyonse ya major, kukwera kuja kochokera pa do mpaka pa do wapamwamba, imayenda mofanana: pakati pa mi ndi fa, ndi pakati pa ti ndi do, mawu amayandikana theka la sitepe, pena ponse ndi sitepe yathunthu. Mwana wokulira m'kwaya zimenezi ali nazo kale m'khutu, kungoti sadziwa dzina lake. Makiyi akuda alipo kuti mtunda umenewu usasokonekere do akasamuka. Ukayambira pa G pamafunika wakuda m'modzi, pa F m'modzinso koma B flat, pa D awiri, pa E flat atatu. Makodi atatu amene amanyamula nyimbo zambiri za m'tchalitchi, do-mi-so, fa-la-do ndi so-ti-re, nawonso amasamuka ndi do wawo ngati ana otsata mayi. Choncho tinapangana kuti mwezi uliwonse tizisamutsira nyimbo zake zitatu m'nyumba yatsopano. February inali G, March F, April D. Batani sindinaliletsenso. Ndinangoti Lamulungu lililonse nyimbo imodzi yokha aziimba osalidina. Pofika chaka chotsatira anali ataiwala kuti lilipo.

Za pepala zinalowa mochedwa, ndiponso chakumbuyo. M'malo momupatsa nyimbo ya munthu wina kuti awerenge, ndinkalemba pa mizere isanu nyimbo imene iye wangoimba kumene, n'kumuuza kuti, "Izi ndi zimene zala zako zachita." Ankayang'anitsitsa ngati munthu amene akuona chithunzi chake koyamba. Kenaka ndinkasintha kadontho kamodzi mwadala kuti apeze pamene ndanama. Kuwerenga anakuphunzira pofuna kundigwira bodza. Sindikunamizani kuti zinayenda ngati madzi. Ana a khutu lakuthwa ali ndi chinyengo chawo: ukangowaimbira nyimbo kamodzi, amaisunga, n'kumayang'ana pepala mwachiphamaso zala zikutsata zimene anamva. Mankhwala ake ndi kusawaimbira nyimbo yatsopano asanayese okha, ndi kuwapatsa timizere tiwiri tatsopano tsiku lililonse, tosavuta, toti awerenge kamodzi n'kutaya. Mpaka lero kuwerenga kwake kumatsalira kumbuyo kwa khutu lake. Ndinasiya kudandaula nazo.

Tsopano ndilankhule ndi inu makolo, chifukwa nkhani ya mnyamatayu inanditsegula maso pa chinthu china. Mwana amakhala ndi ine mphindi 45 pa sabata. Masiku 6 otsalawo ali m'manja mwanu. Ana ambiri amene ndawaona akusiya sanasiye chifukwa chosowa luso. Anasiya chifukwa cha zimene zinkachitika, kapena zimene sizinkachitika, pakati pa Loweruka ndi Loweruka linzake.

Panali mtsikana wina wa ku Kabwata amene kwa miyezi itatu sankasuntha. Nditafufuza ndinapeza kuti kiyibodi yake inkakhala m'katoni pamwamba pa wadiropu, kuopa fumbi ndi ang'ono ake. Kuti aimbe ankayenera kudikira bambo abwere kuntchito, aitsitse, apeze adaputa, achotse mbale patebulo. Ndani angachite zimenezo tsiku ndi tsiku? Ndinapempha amayi ake kuti aiike pakona pa chipinda chochezera, yolumikiza kale, aziiphimba ndi chitenje. Mwezi umodzi wokha mwana anasintha. Chida chimene chili m'katoni n'chimodzimodzi chida chimene simunagule.

Kwa woyamba, mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa maola awiri a Lachisanu usiku pokonzekera kukaonana ndi aphunzitsi. Zala zimaphunzira ngati mmene mwana amaphunzirira kupalasa njinga, pobwereza, kugona, n'kubwerezanso mawa. Ndipo simufunika kudziwa nyimbo kuti muthandize. Amayi ena amandiuza kuti, "Aphunzitsi, ine za piyano ndine mbuli, ndingamuthandize bwanji?" Ndimawayankha kuti akhale pafupi, kaya akusankha nyemba, n'kunena kuti, "Tandiimbira pamene pakukuvuta paja." Funso limeneli ndi labwino kuposa lakuti "Wapanga pulakatisi?" chifukwa limeneli yankho lake ndi "ee" nthawi zonse. Mwana akasiyidwa yekha amaimba poyambira pamene amapadziwa bwino, akafika povuta n'kubwerera poyamba. Amatha sabata akupukuta pamene pawala kale. Povutapo ndi pamene ayenera kubwereza, pang'onopang'ono, dzanja limodzi kaye, kenaka onse awiri.

Chimene ndimakana kwamtuwagalu ndi kumenya kapena kuopseza. Bambo wina ankakhala kumbuyo kwa mwana wake pa phunziro, mwana akalakwitsa iwo n'kutsokomola. Kutsokomola kokha, koma mapewa a mwanayo ankakwera mpaka m'makutu, ndipo munthu womangika mapewa sangaimbe. Ndinawatengera panja n'kuwauza mwaulemu kuti, "Bambo, ndalama mukulipira ndi zoti mwana azilakwitsa pano, pamaso panga, kuti ndidziwe pokonza." Anakhumudwa, koma Loweruka lotsatira anakhala pakhonde ndi nyuzipepala. Komanso musasandutse piyano chilango, kapena chinthu choonetsera alendo mwana asanakonzeke. Alendo akabwera mufunseni kaye kumbali ngati akufuna.

Funso limene ndimalandira kwambiri ndi la chogula. Musathamangire piyano yeniyeni. Ine yanga ndinaigula kwa banja lina limene linkasamuka, yonyezimira kunja ngati galimoto ya ukwati. Chikomekome cha mkuyu. Titaitsegula tinapeza makoswe atamangamo mudzi, nsalu zofewa za pa tinyundo timene timamenya zingwe atazidya, ndipo ndalama yokonzetsa inatsala pang'ono kufanana ndi yogulira. Ngati mukugula yakale, tsegulani pamwamba ndi pansi pomwe, yang'anani zitosi za makoswe ndi njenjete, dinani kiyi iliyonse mumve ngati ikulira ndi kubwerera, ndipo muonetsetse kuti chitsulo chachikulu chimene chimagwira zingwe chilibe mng'alu. Zingwe za piyano zimaposa 200, ndipo zonse pamodzi zimakoka ndi mphamvu ya matani ambiri, choncho chitsulocho chikasweka, mwagula kabati. Pitani ndi munthu wochuna musanapereke ndalama. Kumbukiraninso kuti nyengo yathu imaivutitsa: chinyezi cha dzinja chimafufumitsa matabwa, kutentha kwa October kumawaumitsa, mawu n'kumasuntha. Imafuna kuchunidwa kamodzi pachaka ngakhale pang'ono, ndipo ochuna mu Lusaka ndi owerengeka. Musaiike pawindo pamene dzuwa limawomba.

Kwa mwana woyamba, kiyibodi ya makiyi 61, ya Yamaha kapena Casio, imakwana chaka choyamba ngakhale chachiwiri, bola ikhale yomva kulemera kwa chala: ukadina pang'ono ilire motsitsa, ukadina mwamphamvu ikweze. Yesani zimenezi m'sitolo momwemo. Dzina lenileni la piyano ndi pianoforte, kutanthauza motsitsa ndi mokweza m'Chitaliyana, chifukwa chimene Bartolomeo Cristofori anapanga ku Florence cha m'ma 1700 chinali chida chomvera chala motero. Kiyibodi yosamva chala imaphunzitsa mwana kumenya makiyi ngati akutayipa. Akafika cha ku giredi 3 ya mayeso a piyano, pamenepo yambani kusunga ndalama ya piyano yamagetsi ya makiyi 88 olemera. Mpando nawo muuganizire: chigongono chikhale molingana ndi makiyi, ndipo mapazi a mwana wamng'ono asalendewere, muikireni kampando kapena njerwa.

Nanga satifiketi imene bambo a ku Chawama ankafuna ija? Mayeso alipo, ndipo ndi abwino akafika pa nthawi yake. Odziwika kwambiri kuno ndi a ABRSM, bungwe la ku London limene linayamba mu 1889, ndi a Trinity College London. Onse ali ndi magiredi 1 mpaka 8. Pa mayeso a ABRSM oonana ndi woyesa, mwana amaimba nyimbo zitatu, masikelo, kuwerenga kanyimbo kamene sanakaonepo, ndi mayeso a khutu. Malikisi onse ndi 150: kukhoza ndi 100, merit 120, distinction 130. Kuyambira mu 2020 anawonjezera njira ina yojambula vidiyo ya nyimbo zinayi n'kutumiza pa intaneti. Dziwaninso kuti ku ABRSM mwana sangalembe giredi 6 asanakhoze giredi 5 ya theory, mayeso olemba a nyimbo, kapena china chofanana nacho, choncho zolemba musazisiyire kumapeto. Mitengo imatsata ndalama zakunja, ndiye kwacha ikagwa mayeso amakwera. Funsani msanga musanalonjeze mwana.

Koma ndikuuzeni maganizo anga, ena akwiye akwiye. Giredi ya piyano si giredi ya kusukulu yoti chaka chilichonse mwana azikwera. Ndaona ana ali ndi satifiketi ya giredi 5 amene nyimbo zimene angaimbe ndi zitatu zokha za mayeso apitawo, ndipo mukawapempha kuti atsogolere nyimbo ya pa tsiku lobadwa amangoti ndwii. Ameneyo ndi mnyamata wanga uja atatembenuzidwa: uyu ali ndi pepala alibe khutu, uja anali ndi khutu alibe pepala. Onse awiri ndi opunduka mwendo umodzi, koma ife aphunzitsi timaombera m'manja woyambayo chifukwa satifiketi yake imatibweretsera makasitomala. Ine masiku ano mwana aliyense, ngakhale wa ku Kabulonga amene sanalowepo m'kwaya, phunziro lake limayamba ndi kuimba pakamwa ndi kufufuza nyimbo pa makiyi popanda pepala.

Chaka cha 2024 chinatiyesa tonse. Mvula inakana, madzi ku Kariba anatsika, ndipo magetsi anayamba kuzima maola 8 patsiku, kenaka kuwonjezereka mpaka masiku ena tinkangowaona pakati pa usiku kwa maola ochepa. Ana anga ambiri ali ndi makiyibodi amagetsi. Pulakatisi inaima. Piyano yanga ya makoswe ija, imene anthu ankandiseka nayo, inasanduka mfumu, chifukwa siidya magetsi. Ndinalemba ndandanda pachitseko: ana a pafupi, a ku Chilenje, Libala ndi Kabwata, ankabwera akaweruka kusukulu, aliyense mphindi 20, osalipira. A kutali ndinawauza kuti ayang'ane pansi pa kiyibodi, chifukwa zing'onozing'ono zambiri zimalowa mabatire 6 a AA, ndipo makolo ena sankadziwa n'komwe kuti kachitseko kameneko kalipo. Amene analibe njira ina tinawajambulira makiyi pa katoni, muyeso weniweni, kuti zala zisaiwale njira, uku akuimba manotsi pakamwa.

Katoni si piyano, ndisakunamizeni, ndipo ana awiri anasiya chaka chimenecho osabwereranso. Koma china chinandidabwitsa. Popeza kunyumba kunalibe choliza, ndinkawapatsa ntchito yoomba m'manja ndi kuimba do-re-mi. Magetsi atayamba kukhazikika, ana amenewo ankasunga kugunda kwa nyimbo bwino kuposa kale, ndipo ankadzimva okha akalakwitsa ndisanawauze. Zimene ndinazikwirira zaka zonse zija mdima ndi umene unazifukula. Masana amenewo mnyamata wa ku Chawama ankabwera kawiri pa sabata, ndipo ndinkamupeza atazunguliridwa ndi tiana, akutiphunzitsa besi ya dzanja lamanzere imene ine sindingaiphunzitse.

Kwa aphunzitsi anzanga, makamaka achinyamata amene mwangotuluka ku Evelyn Hone College kapena mwaphunzira patchalitchi n'kuyamba kuyenda m'makomo, pali zinthu zingapo zimene ndinaziphunzira mochedwa. Za ndalama mukambirane tsiku loyamba, mulembe, ndipo muzilandira za mwezi wonse kumayambiriro. Ine zaka zoyamba ndinkalandira pa phunziro lililonse, ndiye mvula ikagwa kapena kukakhala ukwati kwa achibale, ndinkangokhala ndi piyano yanga osadya kanthu. Nenani poyera kuti mwana akajomba osadziwitsa dzulo lake, phunzirolo lapita. Maliro ndi matenda okha ndiwo timamvetsetsana, pakuti amenewo sapangana ndi munthu. Yembekezerani kuti temu yachitatu ana a m'makalasi a mayeso adzachepa. M'malo mowataya, ndimawapatsa mphindi 20 pa masabata awiri aliwonse, opanda homuweki, kuti chingwe chisaduke, chifukwa mwana amene wapuma miyezi inayi kawirikawiri sabwerera.

China ndi ichi, ndipo musachitenge mopepuka: chitseko cha chipinda chophunzitsira chizikhala chotsegula, ndipo kholo likhale ndi ufulu wolowa nthawi iliyonse. Mauthenga a pa WhatsApp azipita kwa kholo, osati pa foni ya mwana. Pofuna kukonza dzanja la mwana, muonetseni pa dzanja lanu, kapena mupemphe kaye. Zimenezi zimateteza mwana, zimatetezanso dzina lanu. Ndipo pakutha pa phunziro tulukani mukalankhule ndi kholo mphindi ziwiri, munene chimodzi chimene chayenda ndi chimodzi choti akachite kunyumba, mulembenso m'kope. Ndikanakhala ndi chizolowezi chimenechi mu 2022, bwenzi nditamva msanga zimene mwana uja ankanena kunyumba, osati kukazimvera ku Kamwala patapita miyezi. Timakumananso aphunzitsi angapo kamodzi pa temu, ana athu n'kuimbirana m'holo ya tchalitchi, aliyense kubweretsa zakumwa. Kumeneko ndi kumene ndinaulula koyamba nkhani ya batani, ndipo awiri mwa anzanga anaweramitsa mitu, pakuti nawonso anali ndi mwana wawo wa ku Chawama amene anamutaya.

Mnyamatayo analemba giredi 3 ndipo anakhoza. Pa kuwerenga anapulumukira pa kabowo ka singano, pa khutu anatenga pafupifupi zonse. Bambo ake satifiketi anaiika m'felemu pamwamba pa TV.

Mwezi wa August chaka chatha agogo ake aakazi anamwalira, ndipo ndinapita ku Chawama kukakhuza. Madzulo kiyibodi ya kutchalitchi anaiika pakhonde, ya mabatire, mnyamatayo atakhala kumbuyo kwake. Mukudziwa mmene zimakhalira pamaliro: palibe amene amapereka kiyi. Mayi wina wachikulire m'nyumba anangoyamba nyimbo pamene mawu ake anagwera, amayi ena n'kulandira. Ine m'mutu ndinayamba kufufuza kuti ali pati, kaya D kaya E. Ndisanapeze, ndinamva kiyibodi yalowa pansi pa mawu awo, mofatsa, osawakankha. Ndinasuzumira zala zake. Zinali pa E flat, akuda atatu, dzanja lamanzere likuyenda pang'onopang'ono ngati munthu woperekeza. Ndime yachitatu amayi aja anatsika pang'ono chifukwa cha kulira, iye anatsika nawo mpaka pa D, batani osalikhudza.

Nyimbo itatha anandiona, n'kubwera kudzagwada pafupi ndi mphasa imene ndinakhala. Ndinamupepesa za agogo. Kenaka ndinamufunsa monong'ona kuti anadziwa bwanji msanga chotere kuti atsika.

"Ba ticha, simunamve? Alto ndiye anayamba kugwa."

Sindinamve. Tinapangana kuti Loweruka lotsatira abwere mphindi 30 nthawi yake isanakwane, adzandionetse.